Foni ya a Gibson pa Tsiku la Chiliza

A Gibson Mbewe anafika kuno kwathu, kufupi ndi Mtakataka, m'chaka cha 1981. Kwawo kunali ku Ntchisi, kumapiri kozizira, ndipo chilimwe choyamba kutentha kwa kuno kunawasupula khungu la pamsana. Anabwera ndi gulu la anthu okonza njanji. Ntchito yawo inali yoyenda wapansi kuchokera ku Golomoti mpaka ku Mua, nyundo ili paphewa, kugogoda zitsulo ndi kutchera khutu. Ankati chitsulo chomangika bwino chili ndi kaliridwe kake, chomasuka chilinso ndi kake. Mpaka lero akafika pakhomo pa munthu amagogoda chitseko kamodzi n'kuima phee, ngati akumvetsera mmene chaliriramo.

Ine nthawi imeneyo n'kuti ndikuphunzitsa pa sukulu ya m'mudzi muno, ndipo khomo lathu linayang'anizana ndi la makolo a mnzanga wa paubwana, Elizabeti Banda. Elizabeti ankagulitsa mango ndi mtedza wophika kwa anthu a m'sitima. Nyengo yonse ya mango a Gibson ankagula mulu umodzi tsiku lililonse, osanenerera, osanenanso mawu ena koma "zikomo". Zinadziwika ukwati utachitika kale kuti iwo mango sadya, amawatulutsa zidzolo. Onse aja ankagawira ana m'njira. Elizabeti ankaikonda nkhaniyi, ndipo ankainena ngakhale pamaso pa ansembe.

Anamanga ukwati pa 22 Okutobala 1983 ku tchalitchi cha ku Mua, ndipo a Gibson analowa chikamwini. Apongozi awo anawalozera malo kuseri kwa khola la mbuzi. Iwo anaumba njerwa, anaotcha okha, n'kumanga nyumba ya zipinda zitatu imene ilipo mpaka pano. Ana anabadwa anayi. Atatu oyamba, onse aamuna, anakagona kumanda a kutsidya kwa dambo asanayambe sukulu. Anatsala mmodzi, wamkazi, Tadala, wobadwa pa 3 Malichi 1990.

Ntchito ya njanji itatha mu 1995, a Gibson anayala zipangizo pansi pa mtengo wa bwemba m'mbali mwa msewu n'kuyamba kukonza njinga. Anali aluso. Gudumu lopindika ankalizungulitsa, kukhudza masipoko ndi chala, n'kudziwa yofunika kumanga. Koma sanalemere nazo, chifukwa mawu akuti "ayi" m'kamwa mwawo munalibe. Pampu yawo inayenda midzi yambiri kuposa eni ake. Sipanala inkachoka Lolemba n'kudzabwera mwezi wina, nthawi zina itasanduka ya saizi ina. Elizabeti akakalipa, iwo ankangoti, "Amake Tadala, ine pano ndine wobwera. Wobwera akayamba kumana, mawa adzapala moto kwa yani?"

Sikimu ya mpunga ya Bwanje itatsegulidwa analandira puloti m'dzina la Elizabeti. Ankapita pa njinga imodzi, mwamuna akupalasa, mkazi ali pakaliyala makasu awiri ali pamiyendo, akukangana za mbewu njira yonse. Elizabeti ankafuna kilombero chifukwa cha fungo lake ndi mmene amayendera pamsika. A Gibson ankafuna mtundu wocha msanga, ndipo zifukwa zawo zinali zomveka ndithu. Chaka chilichonse ankabzala kilombero.

Tadala anapita ku Cape Town mu 2017 kukagwira ntchito ya m'nyumba. Zaka zoyamba kulankhula naye kunali kovuta. Mudzi wathu unakhala pamalo otsika, ndipo netiweki imatidutsa pamwamba. Wofuna kuimba foni amayenda mpaka kumsewu wa tala, kapena kukwera chulu cha kuseri kwa sukulu. Mu Meyi 2021 Tadala anatumiza katoni kudzera mwa anthu onyamula katundu ku Joni. Munali foni yaikulu, kabokosi kakuda kotulutsa wayifayi kamene amati rauta, ndi kamlongoti ka chingwe chachitali. A Gibson anadula nsungwi yaitali kuposa zonse kudambo, anamangirira kamlongotiko kunsonga, n'kuiimika kuseri kwa nyumba. M'kabokosimo analowetsa simu ya kuno n'kukalumikiza ku batire ya sola. Foniyo ndiye inakana simu iliyonse ya kuno, kotero inkagwira ntchito pokhapokha ili pakhomo, pafupi ndi kabokosi kake.

Kuyambira pamenepo Lamulungu lililonse, akabwera ku Misa, awiriwo ankakhala pakhonde kudikira mwana wawo. Elizabeti ankaigwira foni pafupi kwambiri, moti Tadala ankangoona chipumi ndi duku. "Amayi, talikitsani, ndione mano!" Mawuwo ankamveka mpaka kwathu.

Elizabeti anamwalira Lamulungu pa 9 Julayi 2023, atangodwala masiku ochepa. Tadala sanabwere kumaliro. Mapepala ake anali atatha, ndipo akanatuluka m'dzikomo sakanaloledwa kubwereranso. Abale ena sanamvetse. Anamulembera mawu owawa pa gulu la banja la pa foni, akuti mwana wanji wosankha marandi n'kusiya mtembo wa mayi ake. Tadala anatuluka m'gulumo, anatseka manambala awo, ndipo kuchokera tsiku limenelo foni ya kuno imene ankayankha inali imodzi yokha, ya bambo ake.

Mkazi akamwalira, mkamwini amasudzulidwa. Eni mbumba amamuthokoza, amamumasula, ndipo kawirikawiri amatenga zake n'kubwerera kwawo. Za a Gibson anati zidikire tsiku la chiliza. Chaka chonsecho iwo anakhala ngati munthu wodikira basi pa siteji. Mpunga analima, anakolola, koma mbuzi zitaswana sanakulitse khola, ndipo lata limodzi litayamba kudontha anangotchera beseni. Ku Ntchisi makolo ndi alongo awo onse anatha kalekale. Kunatsala ana a alongo awowo, amene anangoonana nawo pamaliro pokhapokha. Tsiku lina ndinawafunsa ngati kumeneko kuli pofikira. Anaganiza kaye, kenaka anati, "Njira ndikuidziwa, aphunzitsi. Anthu ake ndiye sindikuwadziwa."

M'banja la Elizabeti munali ena amene maso anali pa nyumbayo ndi pa puloti ya ku Bwanje. Sindinganene kuti anali oipa, chifukwa analidi opanikizika, mabanja awiri m'nyumba imodzi. Mwini mbumba anali a Wilfred, mlongo wake wamkulu wa Elizabeti, amene amakhala ku Chipoka. Iwo anaika nkhani poyera tsikulo lisanafike. "Nyumba ndi munda n'za Tadala. Akanena yekha, tonse tikumuona ndi kumumva, kuti bambo ake akhale, alamu akhala. Za 'anandiuza' sindilandira. Akapanda kuoneka, mwambo uyenda mmene umayendera, chifukwa mbumba iyi sindingaisonkhanitse kawiri." Tadala anapempha abwana ake kuti Loweruka pa 17 Ogasiti 2024 amupatse kanthawi masana, ndipo analonjeza kuti aimba yekha pa foni ya bambo ake.

Alendo anayamba kufika Lachisanu, ochokera ku Lilongwe, ku Salima ndi ku Balaka, ambiri pa minibasi ya hayala. Atangotsika, aliyense anakweza foni m'mwamba kusaka netiweki, osaipeza. Kenaka anaona nsungwi ija. Woyamba kupempha pasiwedi anali Florence, mwana wa mng'ono wake wa Elizabeti, mayi wa ana atatu amene amagwira ntchito mu ofesi ina ku Lilongwe. A Gibson anamuuza. Anabwera wina, anamuuzanso. A kwaya ya mphakati, amisiri amene anamanga chiliza, apongozi a uje ndi uje, onse analandira. Pa maliro kapena pa chiliza mwini khomo samana madzi, nkhuni kapena mphasa, ndipo a Gibson sanaone kusiyana kwake. Foni yawo anaitchaja mpaka kudzaza, anaizimitsa kuti moto usathe, anaikulunga m'kansalu n'kuiika pansi pa pilo.

Loweruka m'mawa tinapita kumanda. Tinapemphera, nsalu inachotsedwa pa chiliza, amayi analira pang'ono, tinabwerera. Dzuwa litatsala pang'ono kufika pamutu, abale anakhala pabwalo, amuna pamipando, amayi pamphasa. A Gibson analowa m'nyumba kukayatsa foni. Atachedwa kutuluka ndinawatsatira, Florence ali pambuyo panga.

Tinawapeza ataima pakati pa chipinda, foni ili m'manja onse awiri.

"Aphunzitsi, taonani. Dzina la kabokosi ikuliona, koma kulowa ikukana."

Ndinayang'ana. Kachizindikiro kankazungulira, n'kuzima, n'kuyambanso kuzungulira.

"Bweretsani kuno, bambo," anatero Florence. Anaizimitsa n'kuiyatsanso, koma sizinasinthe. Anatseka wayifayi n'kutsegulanso. Anapita nayo pafupi ndi rauta mpaka kugunditsa. "Bandulo munagula?"

"Ndinagula Lachinayi, ya mwezi wathunthu."

"Ndiye vuto ndi foni yanuyi. Yangayi ikugwira bwinobwino, onani, mauthenga akungolowa. Yakalamba iyi."

"Lamulungu lapitali inagwira."

"Nawonso amayi aakulu sabata imene anatisiya anali kumunda," anatero Florence, kenaka anadzigwira pakamwa. "Pepani, bambo."

A Gibson anangogwedeza mutu.

Florence anafufuta dzina la rauta m'fonimo kuti ayambe mwatsopano. A Gibson anatchula pasiwedi pang'onopang'ono, iye akulemba. Inakana. Anabwereza, poganiza kuti chala chaphonya. Inakananso. A Gibson anatulukira khomo la kuseri, anakagwedeza nsungwi, anaipotoza pang'ono kuloza kumsewu, anatsata chingwe ndi zala mpaka pawindo kuona ngati khoswe waluma. Chingwe chinali bwinobwino.

"Tiyeni timuimbire pa yangayi," anatero Florence, koma mawu ake anali ofooka. Mwa amene analemba zowawa zija, iye ndiye anayamba. Anayesa, ndipo sinalire n'komwe. Anakabwereka ya mwamuna wake. Imeneyo inalira mpaka kuduka yokha, osayankhidwa, ndipo uthenga umene analemba unangokhala osawerengedwa.

Panja a Wilfred anatsokomola. "Alamu! Dzuwatu likupita, ndipo a minibasi akuti alinso ndi ulendo wina."

"Tikubwera, alamu."

Florence anazimitsa rauta yeniyeniyo n'kuiyatsanso. Pabwalo panamveka anthu angapo akudandaula nthawi imodzi, kenaka bata. Foni ya a Gibson inazungulira, inazungulira, n'kusiya. Iwo anagwada pafupi ndi kabokosiko n'kukayang'anitsitsa nthawi yaitali.

"Florence, mwanangu, kanambala aka n'kachiyani? Pakonapa. Masiku onse pamakhala 1. Lero pali 10."

Florence anawerama, anayang'ana, n'kuwomba m'manja kamodzi. "Mayo ine! Ndi mafoni amene alowa. Timabokosi iti timalandira khumi okha, ena onse amatsala panja. Kuofesi zinatichitikirapo. Inu munazimitsa yanu dzulo, ndiye pamalo panu pakhala wina."

"Ndiye kuti yangayi sinafe?"

"Sinafe, bambo. Yangosowa pokhala."

Anazimitsa yake pomwepo. Nambala inatsika kufika pa 9, ndipo tisanapume n'komwe inabwerera pa 10. Pabwalopo mafoni odziwa pasiwedi anali ambirimbiri, ena ali m'matumba eni ake osadziwa kanthu, onse akudikira mpata, ndipo onse anali achangu kuposa ya a Gibson.

"Basi, tulukani mukawauze azimitse," ndinatero.

A Gibson anakhala pabedi. "Ine? Ndikaime pamaso pa eni mudzi, pa chiliza cha mlongo wawo, n'kunena kuti chokani pa chinthu changa? Lero lomwe akukamba ngati ndili woyenera kukhala pano?" Anapukusa mutu. "Zaka zonsezi sindinamanepo munthu. Ndisayambe lero."

"Ndikanena ndine," anatero Florence.

"Iwe ukanena, amva kuti ndakutuma. Komanso amalume akowo yawo ili m'thumba la jekete, mwamuna wako anawalowetsera dzulo kuti amvere mpira. Ukawauza kuti chiyani?"

Ine ndinaona kuti munthuyu alolera kukwera basi ya ku Ntchisi kusiyana n'kutsegula pakamwa, ndipo kanthawi kamene Tadala anapempha kanali kakutha.

Nthawi yomweyo chitseko chinakankhidwa popanda odi. Anali a Fainesi, mayi wa kutsidya kwa dambo, mmodzi wa adzukulu amene anasambitsa ndi kuika Elizabeti. Mudzi wawo ndi wathu timaikirana maliro kuyambira kale, ndipo pa mwambo ngati uwu mdzukulu alibe mlandu. Amalowa paliponse, amatenga chimene wafuna, amanyoza wamkulu ndi wamng'ono yemwe, anthu n'kumangoseka.

"Iwe Gibson, wabisala muno ndi akazi awiri, mkazi wako tangomuvundukula m'mawa uno? Nkhuku yathu ili kuti?"

"Nkhuku ilipo, a Fainesi."

"Nanga nkhope yakwinyika bwanji ngati chitumbuwa cha dzana?"

Florence anafotokoza mwachidule. Za rauta a Fainesi sanazimve zonse, koma mutu wa nkhani anaugwira.

"Ndiye kuti alendo adzaza mphasa, mwini nyumba waima? Zazing'ono zimenezo. Ndipatseni lichero."

"Chonde, musakanene kuti ine ndiye..."

"Khala chete, wamasiye. Lero pano wolamula ndine."

Anatulukira pabwalo lichero lili pamutu, akugwedeza m'chiuno ngati akupita ku chinkhoswe, n'kukaima pakati penipeni.

"Tamverani, anamfedwa inu! Malemu andituma. Akuti chiyambire dzulo sakugona ndi phokoso la mafoni anu. Mwabwera kudzaona chiliza kapena kudzaonera mafilimu aulere? Aliyense azimitse, aponye muno. Wobisa ndimusecha ndekha, ndipo manja angawa mukudziwa zimene amagwira."

Anthu anaseka, ena n'kuyamba kupisa m'matumba. A Fainesi anayambira kwa a kwaya. "Inu oimba, kumanda kuja ndime yachiwiri munaimeza chifukwa maso anali pansi. Ponyani." Anafika kwa mwamuna wake wa Florence. "Bwana a ku Lilongwe, mimba yonseyi, n'kumadyanso bandulo ya wamasiye? Ee, ziwiri! M'sokosi mulibe ina?" Mayi wina wachitsikana anayesa kulowetsa yake m'bulauzi. "Iwe, chikuwala pachifuwapo n'chiyani, mtima woyera? Tulutsa."

Potsiriza anaima pamaso pa a Wilfred n'kugwada mwachipongwe, bondo limodzi.

"A Wilfred, inu ndiye ndakusungirani kale sopo wodzakusambitsirani mukadzafa. Koma lero tiyambe ndi foni."

"Ine yangayi sindikuigwiritsa ntchito, mayi."

"Nawonso mano simukuwagwiritsa ntchito, koma nyama mwalandira. Bweretsani."

A Wilfred anaseka mpaka kutsamwa, anaitulutsa, n'kupatsa Florence kuti awazimitsire.

M'nyumba a Gibson anali chigwadire pafupi ndi kabokosi, maso ali pa kanambala kaja kakutsika. Kenaka foni yawo inazungulira kamodzi n'kugwira. Mauthenga anagwa motsatizana. Tadala anali ataimba kale kangapo, ndipo uthenga womaliza unali wakuti, "Ababa, nthawi yanga ikutha, muli kuti?" Asanaganize chochita, foni inalira m'manja mwawo.

Anatuluka nayo pang'onopang'ono ngati anyamula mbale yodzaza madzi. Anaipereka kwa a Wilfred ndi manja awiri, n'kukakhala pansi chapambali. Ine ndinali pafupi, ndipo ndinaona. Tadala anali m'kachipinda kochapira zovala, makina ali kumbuyo kwake. Anavala yunifolomu ya ntchito, koma pamwamba pake anamanga chitenje, ndi duku kumutu. Ataona nkhope ya amalume ake, anatsamiritsa foni pa chidebe, anabwerera m'mbuyo pang'ono, n'kugwada pa matailosi.

Anthu anasendera pafupi kuti amve.

"Amalume, ndapepesa. Mayi anga sindinawaike. Mlandu umenewo ndi wanga, ndidzausenza ndikadzabwera. Koma lero ndikupempha chinthu chimodzi. Bambo anga asachoke. Nyumbayo anamanga ndi manja awo. Achimwene anga agona kumeneko, amayi agona kumeneko. Mukawatumiza ku Ntchisi, ine ndikadzabwera ndidzafikira kwa yani?" Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Ku Bwanje alime iwo. Amene akusowa polima akambirane nawo, agawana. Ababa sakana."

"Ameneyo ndiye sakanadi," anatero a Fainesi ali chikhalire pafupi ndi lichero lawo. "N'chifukwa chake ndanyamula shopu yonseyi."

Anthu anaseka, ena misozi ili m'masaya. A Wilfred anatembenuza foni n'kuiyendetsa pang'onopang'ono kuti mbumba yonse imuone, nayenso aione. Itafika pa Florence, iye anaphimba nkhope ndi manja.

"Achemwali, ndakuonani," anatero Tadala motsitsa.

"Mwamva nonse?" anafunsa a Wilfred. "Alipo amene sanamve? Alipo ali ndi mawu?" Anayang'ana mbali imene kunakhala mabanja awiri aja. Mayi wamkulu wa kumeneko anayang'ana pansi kanthawi, kenaka anati, "Mwini wake wanena. Ife za puloti tidzakamba ndi bambowo."

A Wilfred anatembenukira kwa a Gibson, amene anayamba kudzuka. "Ayi, khalani, alamu, mawondo athu ndi amodzi. Mwambo wake, tikukusudzulani. Mlongo wathu munamusunga bwino, mpaka tsiku lomaliza, ndipo ife tilibe nanu chifukwa. Ndinu omasuka. Koma za ku Ntchisi muiwale. Mwana wanena, ife tavomera. Pano ndi panu."

Amayi anaimba nthungululu. A Gibson anawomba m'manja mofatsa, mutu uli pansi.

"Womasuka!" anakuwa a Fainesi. "Mwamva, amayi opanda amuna inu? Nyumba ya malata, mpunga, ndi kabokosi komwe. Koma mudziwe kuti pamzerepo woyamba ndine."

Foni inabwerera m'manja mwa eni ake, ndipo anapita nayo pakhonde, kutali pang'ono ndi phokoso. Ine ndinali pakhomo ndikutsanulira alendo thobwa, kotero ndinamva.

"Ababa, ndionetseni chiliza."

"Kabokosi sikafika kumanda, mwanangu. Ukangodutsa pa mjigo kamakusiya. Koma Florence wajambula, ndikutumizira."

"Zithunzi ndiona. Ndiuzeni inuyo."

A Gibson anaponya maso kutsidya kwa dambo.

"N'choyera. M'mbali mwake anapaka mobiriwira, ngati mpunga wongowokeredwa kumene. Mtanda uli kumutu. Dzina analemba bwino, sanalakwitse chilembo. Chili pansi pa mtondo waukulu uja, moti masana pamakhala mthunzi. Kumanzere kwake kwatsala malo."

"Ababa!"

"Usadandaule, sindikufulumira."

Tadala anaseka akulira. Kumbuyo kwake kunamveka mawu a munthu akumuitana.

"Ndikuitanidwa, ababa."

"Pita, mwanangu, usakwiyitse abwana. Wadya koma?"

"Ndidya."

"Udye. Kumandako ukadzabwera ndidzakuperekeza ndekha."